Ndinabwereka Maso a Asiyatu

Moni abale ndi alongo anga nonse, a kumudzi, a kuno ku Joni, ndi inu amene muli kutali kumene ine sindinapondeko. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Dzina langa ndine Elube, kwathu ndi ku Ntcheu. Ambiri a inu mwakhala mukundifunsa chimene chinandikhalitsa chete nthawi yaitali, osalemba kanthu pano, osayankha ngakhale moni wanu. Lero ndati ndikuuzeni zonse. Ndinachita khungu. Khungulo linandigwira m'chaka chimene ndinamaliza maphunziro amene ndinawavutikira kuyambira ndili mtsikana, pamene ntchito yokhayo imene ndimaidziwa ndi ya kuwerenga ndi kulemba.

Ndisanabwere kuno ndinali mphunzitsi wa sekondale. Kusukulu kwathu ndinkakhala nawo m'kagulu koweruza milandu ya ana, ndipo mawu amene ndinkawamva kawirikawiri anali akuti, "Sindinachitire dala." Mwana waswa zenera, sanachitire dala. Wavulaza mnzake pampira, sanachitire dala. Aphunzitsi ena ankati chilango chitsate kukula kwa chimene chaonongeka, ena ankati chitsate mtima wa mwanayo. Tinkakangana mpaka dzuwa kupendeka. Funso limenelo linandikhala m'mutu, ndipo mwayi wa maphunziro utapezeka ndinasiya ntchito, n'kusiya mwana wanga Yankho m'manja mwa mayi anga, n'kukwera basi ya ku Joni kudzaphunzira filosofi. Mayi anga mpaka lero akamva anthu akunditcha dokotala amandiuza za nyamakazi yawo. Ndimawauza kuti udokotala wanga ndi wofufuza mmene anthu amasiyanitsira chabwino ndi choipa, ndi mmene amasankhira woyenera kudzudzulidwa ndi woyenera kukhululukidwa. Iwo amangoti, "Ameneyo si m'busa?"

Zaka zonse za maphunziro ndinkakhala ku Yeoville, m'chipinda chimodzi ndi mayi Nachisale, mayi wachikulire wa ku Dedza amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Tinkapemphera mpingo umodzi. Pakati pa mabedi athu panali katani ya chitenje, ndipo mbali yanga inali yodzadza mabuku mpaka pansi pa bedi.

Tsiku lolandira digiri, mu Epulo, ndinavala mkanjo wofiira. Atandipatsa kabuku ka maina a omaliza maphunziro, ndinayesa kupeza dzina langa koma zilembo zinali ngati zili mu utsi. Ndinati ndi misozi ya chimwemwe. Miyezi yotsatira ndinayamba kumva ludzu losatha, thupi linayamba kutha, ndipo magetsi a mumsewu ankaoneka ngati azunguliridwa ndi nkhungu. Ndinagula magalasi a pamsika, sanathandize. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinaoloka msewu ndikuyesa kuti maloboti andilola, tekisi n'kuima pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwa injini pamwendo. Dalaivala anandikalipira m'Chizulu, anthu n'kumaseka. Madzulo ake ndinawafotokozera mayi Nachisale zonse, ndipo m'mawa anapempha tchuthi kwa madamu awo n'kunditengera kuchipatala.

Anapeza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo anali atakwera kwambiri ine osadziwa. Shugayo anali atabweretsa ng'ala m'maso onse awiri, komanso anali ataononga mkati mwa diso lamanzere. Dokotala anali munthu wachifundo. Anandiuza kuti ng'ala imachotsedwa, koma shuga ayambe watsika, ndipo mzere wa odikira opaleshoni ndi wautali. Sanandinamize za kutalika kwake.

Apa ndifotokoze pang'ono za ntchito yathu, kuti mumvetse chimene chinkandiwawa. Munthu ukamaliza digiri ya udokotala sikuti ntchito imakudikira pakhomo. Ambiri timayamba ndi mpata wa kafukufuku wa chaka chimodzi kapena ziwiri, umene kuyunivesite amautcha postdoc. Amakupatsa kangachepe ka mwezi ndi mwezi, malo ogwirira ntchito, ndipo kwa ife obwera amakuthandiza kupeza pemiti yokhalira m'dziko. Kwa anthu a sayansi mipata yotere imapezekako. Kwa ife a filosofi ya makhalidwe ndi yosowa, ndipo umodzi ukatuluka timauthamangira ngati nkhuku pa chimanga chomwazidwa.

Mu Ogasiti mpata wotere unatuluka pa yunivesite imene ndinaphunzira. Ankafuna munthu mmodzi wofufuza za makhalidwe ndi kaganizidwe ka munthu, ndendende zimene ine ndinachita. Wofunsira ankayenera kulemba dongosolo la kafukufuku wake, lomveka bwino, losonyeza kuti wawerenga zimene ena analemba. Pemiti yanga inali yoti itha kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Ndikanaphonya mpatawu, ndikanabwerera ku Ntcheu wopanda ntchito, wosaona, kukakhala katundu wa mayi okalamba ndi mwana wa fomu 3 amene ankadalira ine.

Ndinayesa ndekha. Kompyuta ili ndi mawu owerengera munthu, ndinawayatsa. Ankawerenga, koma ndikafuna kukonza chiganizo ndinkasochera, osadziwa pamene ndili. Mabuku akale amene ndinawajambula kulaibulale mawuwo sankatha kuwawerenga. Ndinatenga cholembera ndi pepala, ndinalemba tsiku lonse, koma mayi Nachisale atabwera anandiuza mofatsa kuti mizere yanga yakwerana, palibe chowerengeka.

Abale anga, masiku amenewo anali oipa. Anthu onse a m'nyumba yathu ankapita kuntchito m'mamawa, ine n'kutsala ndekha ndi phokoso la matekisi. Ndinasiya kupita kutchalitchi chifukwa sindinkafuna kugwidwa dzanja pamaso pa anthu amene anandivinira tsiku la digiri. Choipa kwambiri chinali foni. Yankho ankakonda kundiimbira pa vidiyo. Tsiku lina anandionetsa pepala la mayeso amene anakhoza bwino, akuti, "Amayi taonani, taonani apa!" Ine ndinkangoona chinthu choyera chikugwedezeka. Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, n'kudula foni, n'kulira mpaka mutu kuwawa.

Mapemphero anga a nthawi imeneyo sanali okoma kumva. Ndinkafunsa Mulungu kuti anandiolotseranji mitsinje yonse ija ngati ankafuna kudzandisiya pakati pa dambo. Ndinkamuuza kuti akanatenga mwendo, akanatenga dzanja, koma osati maso. Masiku ena sindinkapemphera n'komwe, ndinkangogona chafufumimba.

Mayi Nachisale sanatope nane. Ankandibaya jakisoni wa shuga asanapite kuntchito, anasintha kaphikidwe kathu konse, ndipo anatengera dzina langa kwa amayi a kumpingo amene amakumana Lachinayi. Lachinayi lina anabwera nawo amayiwo kuchipinda kwathu. Anadzadza pabedi ndi pansi pomwe. Mmodzi anati, "Ngati vuto ndi kuwerenga, ife maso tili nawo." Mayi Nachisale anatenga buku limodzi n'kuyamba kuwerenga mokweza. Sanamalize ndime. Anaseka n'kunena kuti, "Mwanangu, Chizungu ichi n'cha mafupa okhaokha, mnofu mulibe." Tonse tinaseka, ine kuseka koyamba patapita nthawi. Kenako anagwada n'kupemphera pemphero lalifupi limene sindidzaliiwala. Anati, "Atate, ife maso tili nawo koma sukulu tilibe. Mwana wanuyu sukulu ali nayo koma maso alibe. Tumizani munthu amene ali nazo zonse."

Loweruka la sabata yomweyo anandikakamiza kuwaperekeza kumsika wa Yeoville kukagula nyemba ndi usipa kwa mayi wina wa kwathu. Anandisiya nditaima pambali pa benchi iwo akusankha. Ndinamva mawu akuti, "Achemwali! Achemwali a Elube!" Ndinatembenukira kumene kunalibe munthu. Woitanayo anafika pafupi, anandigwira pamkono n'kufunsa chapansipansi kuti, "Chachitika n'chiyani ndi maso anu?"

Anali Asiyatu. Asiyatu ndi mtsikana wa Chisilamu wa ku Machinga, wamng'ono kwa ine, amene tinaphunzira naye m'dipatimenti imodzi n'kumaliza chaka chimodzi. Iye ankafufuza za udindo wa ana pa makolo okalamba pamene anawo ali kunja kwa dziko. Sitinali adani, koma sindinganene kuti tinali mabwenzi. M'misonkhano ya ophunzira ndiye ankandifunsa mafunso ovuta kuposa aliyense, ndipo ine ndinkamubwezera chimodzimodzi. Aliyense m'dipatimenti ankadziwa kuti mpata watulukawo tidzaulimbirana awirife. Mwa anthu onse a mu Joni, iyeyu ndiye amene sindinkafuna kuti adziwe. Koma pamsika paja, pakati pa fungo la nsomba zouma ndi phokoso la ogulitsa, ndinamuuza zonse.

Anangofunsa nambala ya nyumba yathu. Lolemba sanabwere, ndipo ndinati basi, wamva zimene amafuna kumva. Lachiwiri masana ndinamva kugogoda. Analowa, anaika chikwama pabedi, n'kutsegula kompyuta yake.

"Tiyambe," anatero. "Mundiuze buku loyamba."

Ndinati, "Asiyatu, nawenso ukufunsira mpata womwewu."

"Ndikufunsira, ndipo ndikuufuna kwambiri. N'chifukwa chake dzulo sindinabwere. Ndimamaliza zanga, ndatumiza kale. Sindikufuna kuti mawa mtima wanu kapena wanga uzidzati ndinaona zanu ndiye n'kukonza zanga."

Nthawi yotumizira inali ikadalipo yambiri. Munthu aliyense wanzeru akanasunga zolemba zake n'kumazipukuta mpaka tsiku lomaliza. Iye anazitumiza zisanapse bwino kuti akhale womasuka kundithandiza. Ndinakumbukira pemphero la mayi Nachisale, ndipo ndinachita mantha, mantha aja amene umamva ukazindikira kuti Mulungu anali m'chipindamo nthawi yonseyi akumvetsera.

Kuyambira tsiku limenelo Asiyatu ankabwera masana alionse kupatula Lachisanu. Ankachokera ku Jeppestown kumene amakhala ndi achimwene ake, atelala amene ali ndi kashopu kosokera. M'mawa ankawathandiza kusita ndi kusokerera mabatani, masana n'kukwera tekisi kubwera kwa ine. Ankandiwerengera mokweza, ine n'kumamuimitsa kuti abwereze. Ndikayamba kulankhula iye ankalemba. Nthawi ya swala ikakwana ankayala kansalu kake pakona pafupi ndi chitseko, ine n'kugwada pambali pa bedi langa, aliyense n'kupemphera monga anaphunzitsidwira. Tikamaliza tinkabwerera ku ntchito.

Musaganize kuti ankangolemba ngati makina. Ankandiimitsa pakati pa chiganizo n'kunena kuti, "Ayi achemwali, ndime iyi ndi yofooka. Mwanena kuti anthu a kwathu amakhululukira amene sanachitire dala, koma nanga bwanji dalaivala akagunda mwana mwangozi amathawa mudzi? Akakufunsani zimenezi mudzagwa." Tinkakangana mpaka mayi Nachisale kutipeza, ndipo ndime imene tinkakanganirana inkatuluka yolimba kuposa zonse. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti achimwene ake amukalipira, akuti, "Iwe ukunolera mnzako mpeni woti akuchekere." Ndinamufunsa chimene anawayankha. Anati, "Ndinawauza kuti chimene Mulungu anandilembera palibe angachitenge, ndipo chimene sanandilembere sindingachipeze pobisa maso anga."

Ndiyenso anandilimbitsa mtima kuti ndiuze a kumudzi. Ndinaimba foni iye ali pambali panga. Mayi anga analira, koma Yankho anangoti, "Ndinkadziwa kuti pali chinachake, amayi. Netiweki siivuta kwa munthu mmodzi yekha tsiku lililonse." Kuyambira pamenepo ankandiwerengera yekha zimene walemba kusukulu, ndipo katundu wina anatsika pamutu panga.

Tinatumiza zolemba zanga nthawi isanathe. Patapita masabata angapo tonse awiri tinaitanidwa kukafunsidwa mafunso, tsiku limodzi, motsatizana. Inali nthawi imene mitengo ya jakaranda imachita maluwa, ndipo ine ndinkangoona ngati wina wapaka utoto wofiirira kumwamba. Asiyatu anadzanditenga. Anandigwira mkono kuchokera pa tekisi mpaka pakhonde lodikirira. Iye ndiye anayamba kulowa. Atatuluka sanandiuze mafunso, ndipo ine sindinamufunse. Anangondinong'oneza kuti, "Muli anthu atatu. Mpando wanu uli kumanja mukangolowa, ndipo pakhomo pali kachitunda, mukweze phazi."

Ndinalowa, ndinakhala, ndipo ndinawauza poyera za maso anga ndisanayambe. Awiri mwa ofunsawo ndinkawadziwa mawu, anali aphunzitsi athu. Wachitatu anali mayi wochokera ku yunivesite ina ya mumzinda momwemu, pulofesa wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu. Mayi ameneyu anakakamira pa mawu athu a Chichewa. Ankafuna kudziwa kusiyana kwa kuchita chinthu mwadala, mwangozi, mosadziwa ndi mwatsoka, ndiponso chifukwa chake munthu wa kwathu amapepesa ngakhale pa chinthu chimene sanalakwe. Ndinayankha ndi mtima wonse, mpaka ndinaiwala kuti sindikuona nkhope zawo. Ndinatuluka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti Mulungu wamaliza ntchito yake.

Mpatawo anapatsa Asiyatu.

Sanadikire kuti ndimve kwa ena. Anabwera yekha, anaima pakhomo osalowa, ndipo ndinadziwa ndi kapumidwe kake. Anati, "Achemwali, andipatsa ine," n'kuyamba kulira. Ndinamukumbatira. Ndinamuuza kuti anayenera, ndipo sindinkanama, chifukwa ndi wanzeru ndipo bambo ake kumudzi anali kudwala, akudalira iye. Ndinakondwera naye zoona. Komanso zoona n'zakuti atangochoka ndinakhala pansi penipeni, osati pabedi. Zinthu ziwirizi zinali mumtima umodzi, ndipo sindichita manyazi kunena.

Apa ndi pamene chikhulupiriro changa chinayesedwa kuposa poyamba. Kudwala ndinali nditakuzolowera. Koma kuona chitseko chikutseguka, kuyenda mpaka pakhomo, kenako n'kutsekedwa, zinandipweteka mwa mtundu wina. Ndinafunsa Mulungu kuti ananditumiziranji munthu wondiwerengera ngati mapeto ake anali omwewa. Mayi Nachisale ankangoti, "Mwanangu, usamayankhe munthu asanamalize kulankhula. Mulungu sanatseke pakamwa." Ine ndinkangoti ndi mawu otonthoza odwala.

Disembala atayandikira, a kwathu anayamba kumanga katundu wopita naye kumudzi, monga mudziwa mmene zimakhalira. Nanenso ndinayamba kumanga wanga, koma wosadzabwerera. Mabuku ndinati ndimusiyira Asiyatu. Tsiku lina m'mawa ndinali nditagwada pansi, ndikupapasa zovala n'kumaziika m'thumba lalikulu lija la mizeremizere, foni inalira. Anali mayi uja wa ku yunivesite ina. Tinalankhula m'Chingerezi, koma zimene ananena ndi izi. Gulu lawo linali litangolandira thandizo lofufuza mmene anthu obwera kudzagwira ntchito kuno amaweruzira mlandu ngozi ikachitika pantchito: amadzudzula ndani, amakhululukira ndani, ndipo chifukwa chiyani. Ankafuna munthu wa filosofi wodziwa chilankhulo cha anthuwo. Anati kuyambira tsiku la mafunso lija mawu anga sanamuchoke m'mutu. Sanandilonjeze kanthu, anati mpatawo aulengeza ndipo ena adzafunsiranso, koma ankafuna kuti ine ndisaphonye.

Ndinamufunsa kuti, "Mukukumbukira kuti sindiona?"

Anati, "Ndikukumbukira. Ntchito iyi mbali yaikulu ndi ya makutu. Zotsalazo tili ndi ofesi yothandiza anthu a vuto la maso, tidzaona chochita."

Nditadula foni ndinakhalabe chogwada pomwepo. Ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, Ambuye," manja ali m'thumba la zovala. Ndipo ndinazindikira chinthu chimodzi. Ndikanapanda kulemba dongosolo lija, sindikanaitanidwa. Ndikanapanda kuitanidwa, mayi ameneyu sakanandimva. Chitseko chimene ndinkalirira kuti chatsekedwa chinali njira yodutsira chabe.

Asiyatu anabweranso ndi kompyuta yake, ndipo ulendo uno tinalemba tikuseka. Chaka chatsopano chitangoyamba a ku yunivesite ya mayi uja anandiitana, anandifunsa mafunso, ndipo anandipatsa mpatawo, wa zaka ziwiri. Za pemiti zinayenda movuta monga mwa masiku onse, ndi mizere ndi kudikira, koma zinatheka.

Ndinayamba ntchito ndisanayambe kuona. Anandipatsa wophunzira wina wondiperekeza ndi kachipangizo kojambulira mawu. Achimwene ake a Asiyatu, omwe aja ankanena za mpeni, ndiwo ananditsegulira zitseko ku Jeppestown. Ankanditengera kwa owotcherera zitsulo, kwa akalipentala, kwa okonza magalimoto, n'kumawauza kuti, "Awa ndi achemwali athu, alankhuleni momasuka." Mayi Nachisale anandipezera alonda ndi osamalira maluwa a ku Sandton. Ndinadabwa kuona kuti anthu ankamasuka kwambiri ndi munthu wosaona nkhope zawo. Bambo wina wowotcherera anandiuza za mnzake amene anaduka zala pa makina amene iye anayatsa osadziwa kuti mnzakeyo wagwira. Anati aliyense anamuuza kuti si mlandu wake, ngakhale wovulalayo, koma iye mpaka lero amamugulira chakudya chamasana. Anati sanauzepo munthu chifukwa chake. Pamenepo ndinadziwa kuti ntchito imeneyi si ya mapepala okha.

Shuga anatsika. Ndi kangachepe ka kuntchito, kuphatikizapo zimene amayi a kumpingo anasonkha mwakachetechete ine osadziwa, ndinatha kupita kwa dokotala wa maso wapulayiveti m'malo modikira mzere uja. Anachita opaleshoni diso lamanja m'nyengo yozizira. M'mawa mwake namwino anachotsa bandeji pang'onopang'ono n'kundiuza kuti nditsegule. Kuwala kunandilasa, ndinatsinzina, ndinatsegulanso. Ndinaona mayi Nachisale ataima kumiyendo kwa bedi, ndipo ndinaona kuti imvi zawachuluka kuposa mmene ndinawasiyira. Pambali pawo panali Asiyatu, atavala magalasi. Sankavala magalasi kale. Ndinamufunsa kuti anayamba liti, iye n'kunena kuti, "Mabuku anu aja a zilembo zing'onozing'ono." Tinaseka mpaka namwino kutiletsa, akuti ndingaononge diso.

Diso lamanzere silinabwerere. Dokotala anachotsa ng'ala koma mkati munali mutaonongeka kale. Sindikubisirani zimenezi, chifukwa sindikufuna kuti wina amene akudwala aziganiza kuti Mulungu akayankha ndiye kuti zonse zimabwerera mmene zinalili. Ndimabayabe jakisoni tsiku lililonse. Ndikawerenga nthawi yaitali mutu umawawa. Koma ndikuwerenga, ndikulemba, ndikuoloka msewu ndekha, ndipo mawu amene mukuwerengawa ndalemba ndi manja anga.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe mmene ndinkafunira koma anandiyankha. Ndikuthokoza mayi Nachisale, amene anakhala mayi wanga m'dziko la eni. Ndikuthokoza amayi a Lachinayi, amene ambiri a iwo amakolopa nyumba za anthu ena koma anagawana nane chochepa chawo. Ndikuthokoza pulofesa amene anakumbukira munthu wolephera. Ndipo ndikuthokoza mng'ono wanga Asiyatu, amene sapemphera monga ine, koma Mulungu anamusankha kukhala yankho la pemphero la amayi a mpingo wanga.

Kwa inu amene mwaphunzira mpaka kumapeto koma mwakhala pakhomo, mukutumiza makalata ofunsira ntchito n'kumangolandira mawu opepesa, musataye mtima. Ndikudziwa mmene zimawawira anthu akamakutchani dokotala pamene mulibe ya tekisi. Lemberanibe. Pitani kumene mwaitanidwa ngakhale mukuona kuti simupambana, chifukwa simudziwa amene wakhala m'chipindamo akumvetsera. Kwa inu amene mukudwala mobisa, uzani munthu. Ine ndinataya miyezi ndikubisala, pamene thandizo linali kuyenda m'misewu yomweyi. Ndipo musamuikire Mulungu malire a kumene thandizo lingachokere.

Zaka ziwiri si moyo wonse, ndipo mpata wangawu udzatha monga udzathere wa Asiyatu. Posachedwapa tamva kuti yunivesite ina kumudzi ikufuna mphunzitsi wa filosofi ya makhalidwe. Tonse awiri tikufuna kubwerera kwathu, iye kwa bambo ake, ine kwa mwana wanga. Mpandowo ndi umodzi, ndipo tonse tikufunsira. Choncho pempho langa kwa inu ndi ili: mukamagwada, musasankhe. Titchuleni tonse awiri, Elube ndi Asiyatu. Mwini wake adziwa chochita.

Ambuye akudalitseni nonse.